Mapeto a Naruto: Anagwirana Chanza, Mlandu Usanazengedwe

(NYIMBO YOTSEGULIRA, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

Lero nkhani yathu ichokera ku Japan, kwawo kwa makatuni aja achinyamata amawatcha anime. Tikamba za Naruto, makamaka mmene anathera. Ndichenjezeretu: ngati mudakali pakati ndipo simufuna wina akuululireni, tsitsani wailesi kwa kanthawi. Pano titchula amene anafa, amene anakwatira, ndi amene anayenera kukhala m'ndende koma akungodziyendera m'mudzi manja ali m'thumba.

Tiyambe taona kukula kwa chinthuchi, kuti timvetsetsane. Masashi Kishimoto anayamba kujambula nkhaniyi m'magazini ya Weekly Shōnen Jump mu 1999, ndipo anaimaliza mu Novembala 2014 atafika mutu wa 700. Kampani ya Pierrot inaitenga n'kuisandutsa katuni, imene inayamba kuonetsedwa pa TV Tokyo mu Okutobala 2002. Naruto woyamba, wa ubwana uja, ali ndi magawo 220. Wachiwiri, Naruto Shippuden, anayamba mu Febuluwale 2007 n'kudzatha pa 23 Malichi 2017, pa gawo la 500. Onse pamodzi ndi magawo 720. Mutati muonere osagona, osadya, osayankha foni, mungathe masiku oposa 11. Mwana amene anayamba kuonera ali ndi zaka 10 anadzaona mapeto ali ndi ndevu, mwinanso ali ndi wake mwana pamwendo.

Kwa agogo ndi ena amene mumangomva dzinali kwa adzukulu: Naruto Uzumaki ndi mwana wamasiye wa m'mudzi wa maninja wotchedwa Konoha. Tsiku limene anabadwa, chilombo china, nkhandwe ya michira 9, chinaukira mudziwo, ndipo anachitsekera m'mimba mwa khandalo. Anakula anthu akumusala, makolo akukoka ana awo kuti asasewere naye. Ndiye analumbira kuti adzakhala Hokage, mtsogoleri wa mudzi, kuti onse omuyang'ana ndi diso loipa adzamuwerengere. Mnzake wa m'kalasi, Sasuke Uchiha, nayenso ngwamasiye, koma iye makolo ake anawaona ndi maso ali m'magazi: mkulu wake Itachi anapha fuko lonse usiku umodzi. Sasuke anathawa m'mudzi kukasaka mphamvu zobwezera. Naruto analonjeza kuti adzamubweza. Magawo mazanamazana onse aja, fupa lake ndi limeneli.

Maganizo anga ndi awa, ndipo amene akufuna kunditsutsa anditsutse. Kishimoto akagwira anthu awiri, mwana ndi kholo, mnyamata ndi mnzake, wophunzira ndi mphunzitsi, dzanja lake silinjenjemera. Akagwira milungu, maboma ndi milandu ya mafuko, zinthu zimamupulumuka. Mwana wamasiye uja anamutonthoza bwino lomwe. Koma mafunso aakulu amene nkhaniyi inadzifunsa yokha, inawasiya panjira.

Nkhondo yomaliza inasonkhanitsa asilikali 80,000 ochokera m'midzi ikuluikulu 5 pamodzi ndi masamurai, kulimbana ndi zolengedwa zoyera 100,000 zotchedwa Zetsu, kuphatikizapo akufa oukitsidwa. M'kati mwa nkhani, nkhondoyo inatenga masiku awiri. Pa kanema inayamba mu 2012 n'kudzatha mu 2016. Masiku awiri, zaka zinayi! Chifukwa chake n'chodziwika. Katuni inkatuluka Lachinayi lililonse chaka chonse, ndipo gawo limodzi limadya mitu ya m'buku mofulumira kuposa mmene wojambula angalembere. Poopa kumupeza Kishimoto, a Pierrot ankapeka nkhani zawozawo zodzazira mpata, zimene okonda anime amazitcha filler. Mu Shippuden, pafupifupi magawo 4 mwa 10 alionse ndi otere.

Chifukwa chimenecho n'chomveka mpaka Novembala 2014. Buku litatha, panalibenso woti n'kumudikira. Komatu chaka cha 2015 ndiye chinadzaza ndi zodzazirazo. Mdani wamkulu Madara atagoneka dziko lonse m'maloto ndi kuwala kwa mwezi, a Pierrot anaona mwayi: bwanji tikuonetseni zimene aliyense akulota? Maloto a munthu mmodzi yekha, Tsunade, anadya magawo 19, kuyambira 432 kufika 450. Ndipo ndewu ya mdani womaliza ili m'kati, zinthu zitafika pa mwana wakana phala, anaimitsa zonse pa gawo 469 kuti ationetse nkhope ya Kakashi, mphunzitsi wa Naruto ndi Sasuke, atavula chophimba kukamwa chake. Nthabwala yake njokoma ndithu, koma nthawi yake sinali imeneyo. Ambiri a ife kuno tinampeza Naruto pa fulashi kapena pa memore khadi, magawo ataunjikana kale, ndiye tinkangodumpha. Tangoganizani amene ankadikira Lachinayi ndi Lachinayi.

Koma zodzazira si tchimo la Kishimoto. Lake ndi ili.

Madara Uchiha anamumanga kwa zaka zambiri. Chiboliboli chake tinachiona Naruto adakali mwana, pa chigwa china cha mathithi. Dzina lake lokha linkanjenjemeretsa atsogoleri a midzi, moti munthu wina wovala chigoba kumaso, Obito, analengeza nkhondo ya dziko lonse pongodzitcha Madara. Mwini dzina atadzuka, pa gawo 322, analowa yekha pakati pa chigulu cha asilikali n'kuchimwaza, kenako n'kugwetsa chimwala kuchokera kumwamba. Atachigwira movutikira, asanapume n'komwe, chachiwiri chinali chikutsika pamwamba pa choyambacho. Anagonjetsa atsogoleri onse 5 pamodzi. Ninja wina wa ku Konoha, Might Guy, anatsegula zipata zonse 8 za m'thupi mwake, akudziwa kuti malipiro a chomalizacho ndi imfa, namuphwanya mbali yonse ya thupi. Madara anangoseka, n'kuchira.

Komanso munthuyu anali ndi mfundo. Anakula akuona ana akutumizidwa kunkhondo, abale ake akufa mmodzimmodzi, mudzi umene anaukhazikitsa ndi mnzake Hashirama ukumukayikira. Anatsimikiza mumtima kuti anthu ali maso sadzaleka kuphana. Mankhwala ake anali oti agoneke aliyense, munthu azilota moyo umene ankaufuna mpaka kalekale. Ndi maganizo oopsa, koma ndi maganizo a munthu, ofunika kuti munthu mnzake awayankhe.

Ndiye anagonja bwanji? Sanagonje. Ali chiimire akunyadira kuti watha ntchito, Zetsu Wakuda, amene Madara ankamuyesa kapolo wake, anamubaya ndi dzanja kuchokera kumsana. Thupi lake linafufuma, m'malo mwake n'kutuluka mayi wina dzina lake Kaguya Ōtsutsuki. M'buku zimenezi zinachitika patangotsala mitu pafupifupi 20 kuti nkhani ithe. Dzina la Kaguya analibwereka ku nthano yakalekale ya ku Japan, ya mwana wamkazi wa kumwezi amene anapezeka m'kati mwa nsungwi, ndipo maonekedwe a mayiyu ngochititsa nthumanzi ndithu. Koma salankhula zambiri. Zetsu ndiye amamulankhulira atabisala m'mkono wa chovala chake. Chimene akufuna n'kulanda mphamvu zimene akuti n'zake, basi. Naruto alibe naye mangawa. Sasuke alibe naye mangawa. Ife oonera, ndi dzulodzuloli tamva dzina lake.

Choipitsitsa n'chimene Zetsu anaulula: kuti mbiri yonse ya maninja, udani wa a Uchiha ndi a Senju, fuko la Hashirama, ngakhale zolembedwa pa mwala wopatulika wa a Uchiha, anazipotoza ndi iye kwa zaka mazanamazana pofuna kuukitsa mayi ake. Tamvetsetsani pamenepa. Nkhani imene yatha zaka 15 ikutionetsa kuti nkhondo imabadwira m'mitima ya anthu, kuti wophedwa amasiya mwana amene adzaphenso, pomaliza ikuti ayi, panali kanthu kakuda kamene kankasonkhezera moto mobisa. Anthu onse aja mlandu wawapepukira. Kumbukirani Pain, amene makolo ake anaphedwa ndi maninja a ku Konoha m'kadziko kake ka mvula. Anafunsa Naruto kuti chidani adzachithetsa bwanji, Naruto n'kusowa chonena. Funso limenelo ndi lolemera kuposa Kaguya ndi maiko ake onse a chiphalaphala, madzi oundana ndi mchenga. Ndipo Kaguya atatsekeredwa, Madara n'kubwerera ali wefuwefu, pali kamphindi kamene akucheza ndi Hashirama asanatsirizike, nkhalamba ziwiri zikuvomerezana kuti maloto awo sanayende monga ankafunira. Kamphindi kameneko kakuposa ndewu yonse ya mayi uja.

Pafupi pomwepo pali bala lina. Ali ang'onoang'ono, Naruto anamenyana ndi Neji Hyūga pa mayeso a maninja. Neji ankati tsogolo la munthu limalembedwa tsiku lobadwa. Iye anabadwira kunthambi yaing'ono ya banja lawo, ndipo anamudinda chizindikiro pamphumi kuti azitumikira nthambi yaikulu mpaka imfa. Naruto, mwana amene analephera mayeso a kusukulu katatu, anamugwetsa, ndipo tonse tinakhulupirira kuti khama limaposa kubadwa. Kumapeto tikupeza kuti Naruto ndi mwana wa Hokage wachinayi, mayi ake ndi a fuko lamphamvu la Uzumaki, komanso mwa iye muli mzimu wa Asura, mwana wa kholo la maninja onse, pamene mwa Sasuke muli wa Indra, mkulu wake wa Asurayo. Khololo, Hagoromo, linachita kubwera lokha kudzawaikira mphamvu m'manja. Nanga Neji? Anafa pa gawo 364, atadziponya kutsogolo kwa Naruto ndi Hinata, mwana wa kunthambi yaikulu ija. Ena amati anasankha yekha, monga anachitira bambo ake. Chabwino. Koma wina atati Neji ankanena zoona kuyambira pachiyambi, mungamuyankhe chiyani? Zoti Kakashi analandira maso a Obito kuchokera kwa akufa, kwa mphindi zochepa, kuti naye aponyeko chibakera, sinditayapo malovu.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsopano tamvani zimene zimachititsa anthu kukhululuka zonsezi.

Nkhondo itatha, akufa oukitsidwa aja anayenera kubwerera kwawo. Mmodzi mwa iwo ndi Minato, bambo ake a Naruto. Dzuwa likutuluka, Minato akukumbukira kuti lero ndi pa 10 Okutobala, tsiku limene mwana wake anabadwa, lomwenso iye ndi mkazi wake Kushina anamwalira. Naruto wakwanitsa zaka 17, ndipo aka n'koyamba kuti kholo limufunire zabwino pa tsikuli. Usiku umene anabadwa, Kushina akutsirizika anasiyira khandalo malangizo a mayi wina aliyense: za kudya, za kusamba, za kugona, za kupeza anzake ngakhale ochepa, za kusamala ndi ndalama, mowa ndi akazi. Tsopano Naruto, misozi ili chuchuchu, akuthamangitsa mawu bambo ake asanazimiririke, kuwatuma kuti akawauze amayi kuti kudya akudya, kusamba akusamba, anzake ali nawo ambiri, kusukulu zinkavuta koma sanagwe mphwayi. Mwana akuyankha mfundo imodziimodzi kwa mayi amene sanapeze mwayi womulera. Limenelo ndi gawo 474, ndipo amene analionera maso ali gwa, ameneyo ndi wolimba mtima kuposa ine.

Kenako Sasuke akuimirira n'kunena kuti iye sanathe. Akufuna kupha atsogoleri 5 aja adakali m'tulo, agwire zilombo zonse za michira, akhale mdani wa dziko lonse, kuti midzi izigwirizana podana ndi iye yekha. Anatengera kwa mkulu wake Itachi, amene anasenza dzina la chigawenga pofuna kuteteza mudzi. Chomutchinga n'chimodzi: Naruto, mnzake yekhayo, amene ayenera kumupha kuti atsale yekhayekha. Apa nkhani yabwerera pamene imayenera kukhala. Awiriwo akupita kuchigwa chija cha mathithi, pamene ziboliboli za Hashirama ndi Madara zimayang'anizana, pomwe anamenyanapo ali ana Naruto n'kugonja.

Magawo 476 ndi 477 anaonetsedwa tsiku limodzi, pa 29 Sepitembala 2016, ndipo anawatsogolera ndi Hiroyuki Yamashita, yemwe uja wa gawo 322. Ngati muli ndi mnzanu amene amati makatuni n'za ana, muonetseni awiri amenewa. Ndewu ikuyamba popanda nyimbo. Mukungomva mapazi pamwala, mpweya, chigongono chikugunda chigongono. Wina akakoka mkono wa mnzake, kulemera kwa thupi kukuoneka. Pali pamene Sasuke akugwira dzanja la Naruto lomwe n'kuligwiritsa ntchito popanga zizindikiro za matsenga ake a moto, ndipo kanthu kameneko kokha kakukuuzani mmene awiriwa amadziwirana. Kenako zikukula: ziphona ziwiri m'mitambo, mphezi, chigwa chikugumuka. Pamenepo mpokongola, koma si pamene anthu amapakumbukira. Amakumbukira zimene zikubwera mphamvu zitawathera. Dzuwa lapendeka. Anyamata awiri akudzandira, nkhope zitatupa, magazi ali m'kamwa. Chibakera chikubwera pang'onopang'ono moti aliyense angachilewe, koma winayo mphamvu zolewera alibe. Naruto akupanga mpira wake wamphamvu uja, Rasengan, akuthamanga nawo, akupunthwa, n'kugwa chafufumimba, mpirawo n'kuzima. Anthu amene posachedwapa amang'amba mapiri, tsopano kukweza mkono kukuwakanika.

Akudzatsitsimuka usiku, atagona chagada moyandikana, osatha kusuntha. Akucheza. Sasuke akufuna kudziwa chifukwa chimene Naruto sakumulekera. Naruto akulephera kulongosola bwino. Chimene akudziwa n'chakuti mnzakeyo akamavutika, nayenso zimamuwawa. Ndipo kwa nthawi yoyamba tikulowa mumtima mwa Sasuke n'kupeza kuti kuyambira ali ana, iye ankamuona Naruto ali yekha, ankamusirira, koma ankaopa kuti akamuyandikira afooka. Kutacha, Sasuke akuvomera kuti wagonja. Kenako chithunzi chikutambasuka, ndipo tikuona chimene sakudzukira: Naruto alibe mkono wamanja, Sasuke alibe wamanzere, magazi awo asakanikirana pamwala. Mwala umene agonapowo ndi manja oduka a ziboliboli zija, atagwa zala zitakolana, monga amachitira ana a sukulu ya ku Konoha akamaliza kulimbana, posonyeza kuti ayanjana. Awiriwa ali ana anakana kuchita zimenezo pamaso pa aphunzitsi awo. Palibe akufotokoza. Chithunzi chikunena chokha.

Adani ena Naruto amawagonjetsa ndi ulaliki, mpaka okonda nkhaniyi kumamuseka kuti chida chake chachikulu ndi pakamwa. Apa analipira ndi thupi. Iye pambuyo pake anamuikira mkono wochita kupanga, koma Sasuke sanaulandire wake, anasankha kukhala choncho. M'nkhani imene akufa amadzuka kawirikawiri, Gaara mnzake wa Naruto anadzuka, Kakashi anadzuka, Guy amene anayenera kufa anapulumutsidwa, mkono umodzi umene sunabwerere uli ndi kulemera kwake. Ndipo pa gawo 479, Sasuke akuchoka m'mudzi kukayendayenda, Naruto akumudikira panjira n'kumubwezera lamba wapamphumi wokandika uja, amene anamusiya pachigwa pa ndewu yawo yoyamba. Anamusunga zaka zonsezo.

Koma taonani. Sasuke wagonja kwa mnzake. Kodi mfundo yake yagonja? Iye anati kayendetsedwe ka midzi ya maninja n'kovunda, ndipo umboni anali nawo. Fuko lake linaphedwa, ana ndi nkhalamba zomwe, akuluakulu a mudzi akudziwa. Mmodzi mwa iwo, Danzō, ndiye anakakamiza Itachi, mnyamata wa zaka 13, kusankha pakati pa mng'ono wake ndi fuko lonse. Danzō anafa, inde. Koma nkhalamba ziwiri za upo womwewo, Homura ndi Koharu, zinakhalabe pamipando yawo ya ulangizi. Mudzi sunauzidwe choonadi. Itachi mwini anapempha kuti zibisidwe, koma nanga ophedwa aja anafunsidwa? Njira ya Naruto njoti onse agwirane manja. Ndi yankho la mtima wabwino, koma silikutiuza amene adzaletse Danzō wina mawa, kapena ngati ana a zaka 12 adzaleke kutumizidwa kukaika moyo pachiswe chifukwa mudzi walandira ndalama.

Kwathu kuno anthu akalakwirana n'kupita kubwalo kwa amfumu, kugwirana chanza kumabwera pomaliza. Poyamba wolakwiridwa amayankhula, wolakwa amavomera pagulu, nkhuku kapena mbuzi imaperekedwa, ndipo pamenepo mpamene amati nkhani yatha. Akuluakulu amati mlandu suola. Ku Konoha anayambira kugwirana chanza, n'kuthera pomwepo.

Tengani Orochimaru. Munthuyu anachititsa imfa ya Hokage wachitatu, mphunzitsi wake yemwe. Anapha bambo ake a Gaara. Anaba ana 60 n'kumayesera pa iwo zofufuza zake, onse n'kufa kupatula mmodzi, amene anakula n'kukhala Yamato. M'magawo omaliza Orochimaru wasanduka munthu wanthabwala, akudutsadutsa m'misewu ya Konoha, ndipo amene akumulondalonda kuti asapalamulenso ndi Yamato yemweyo. Ife tikuyenera kuseka. Kabuto, amene anafukula akufa n'kuwatuma kukapha abale awo, pa nkhondo imene inapha asilikali 40,000 a mgwirizano tsiku loyamba lokha, pambuyo pake tikumupeza akuyang'anira nyumba ya ana amasiye. Obito, amene anachititsa imfa ya makolo a Naruto, anafa Naruto yemweyo akumutamanda. Sasuke, amene anaukira msonkhano wa atsogoleri, n'kupha masamurai, n'kufunanso kupha Sakura, mtsikana wa m'gulu lawo, a Pierrot anayesako kumuonetsa ali m'chitokosi, womangidwa thupi ndi maso omwe, koma sizinachedwe: Kakashi, amene tsopano ndi Hokage, anamumasula. Lonjezo la Naruto kwa Neji loti adzasintha banja la Hyūga, ndi lonjezo lake la mtendere kwa anthu a kudziko la mvula, Shippuden inatha osationetsa akuwagwirapo.

Ndikudziwa wina ali pafupi ndi wailesi yake akuti: akulu inu, iyi ndi nkhani ya m'magazini ya anyamata, mukufuna Naruto akhazikitse komiti yofufuza? Ndipo kukhululuka si ndiye mutu wake wonse? Zoona. Sindikupempha kuti wina anyongedwe. Kubwezera n'kumene nkhaniyi inakana kuyambira pachiyambi, ndipo inachita bwino kukana. Koma amene anabweretsa mafunso a boma lopha anthu ake, a maiko aang'ono opondedwa ndi aakulu, a ana osandutsidwa zida, si ine ayi. Ndi Kishimoto, kuyambira pa Zabuza ndi Haku, adani a m'magawo oyambirira aja. Anatizoloweza yekha kuyembekezera zambiri. Mitu yoposa 10 imene inathera pa Kaguya ikanakwana kutionetsa ngakhale msonkhano umodzi wokha, pamene wina akuimirira pagulu n'kunena zimene zinawachitikira a Uchiha.

Za atsikana ndingodutsa, poti mwini nkhani nayenso anangodutsa. Sakura anakula n'kukhala dokotala wodalirika wa pankhondo. Analowetsa dzanja m'chifuwa mwa Naruto n'kumapopa mtima wake kuti asafe. Anamutchaya Kaguya chibakera cha pamutu. Koma pomaliza tikumuona akulira, akupempha chikondi kwa mnyamata amene akumukomola ndi matsenga omuonetsa akubayidwa pamtima. Sasuke anapepesa ndi mawu ochepa zedi, anamugunda pamphumi ndi zala ziwiri monga ankachitira Itachi, basi, za banja zinatha pomwepo. Chikondi cha Naruto ndi Hinata sichinapeze malo okwanira m'magawo 720. Anachita kuchipangira filimu yapadera, The Last, ya mu Disembala 2014. Amene sanaione filimuyo amangodzidzimuka akumva kuti kuli ukwati.

Nkhani ya m'buku la Kishimoto inathera pa gawo 479. Magawo 21 otsalawo, ambiri anachokera m'mabuku ena olembedwa ndi anthu ena, ndipo 7 omaliza, kuyambira 494 mpaka 500, ndi okonzekera ukwatiwo. Zambiri ndi nthabwala za mphatso. Mnzawo Rock Lee wazunguzika mutu mpaka wasankha zitsulo zonyamula polimbitsa thupi. Mnyamata wina, Konohamaru, akuyenda ndi kamera kujambula mauthenga a mafuno abwino. Ena amati kutsiriza nkhani ya nkhondo ndi zogula mphatso n'kutaya nthawi. Ine sindidandaula nazo. Anthu amenewa tinawaona akuika anzawo m'manda. Kuwaona akusowa tulo ndi tinthu ting'onoting'ono, ndiye umboni wa mtendere umene nkhaniyi inakwanitsa kutipatsa.

Ndipo m'kati mwa nthabwalazo anabisamo chinthu chabwino koposa. Iruka Umino ndi mphunzitsi wa ana, alibe mphamvu zodabwitsa, pankhondo yonse ija sanaoneke kwenikweni. Makolo ake anaphedwa ndi nkhandwe yomwe ija ili m'mimba mwa Naruto. Anali ndi chifukwa chomudera mwanayu kuposa wina aliyense. Koma m'gawo loyamba lenileni, mu 2002, ndi iye amene anatchinga ndi msana wake chitsulo chimene anaponyera Naruto, namuikira kumbuyo kuti ndi mwana wa Konoha osati chilombo, n'kumumanga pamphumi lamba wake wa uninja. Ndi iye ankamugulira chakudya cha ramen kwa Ichiraku. Tsopano ukwati wayandikira, ndipo Iruka akusowa mawu oti anene pa kamera ya Konohamaru. Alankhule ngati ndani? Mwana uja ndi ngwazi ya dziko lonse, iye akadali mphunzitsi wa ana. M'gawo 500 Naruto akufika kwa Iruka, ndipo akumupempha kuti pa ukwatiwo adzakhalepo ngati bambo ake. Iruka akuvomera modzilimbitsa, kenako misozi ikumugonjetsa. Junko Takeuchi, mayi amene analankhulira Naruto zaka zonsezo, ndi Toshihiko Seki wolankhulira Iruka, sanafunike kukuwa. Mbewu ya mphindi imeneyi anaidzala ndi Kishimoto m'mutu woyamba wa buku lake. Mwana amene ankafuna kuti mudzi wonse umuwerengere, pa tsiku lake lalikulu anapita kwa munthu amene anamuwerengera pamene panalibe chopindula.

Mwambo weniweni wa ukwati sationetsa. Naruto ndi Hinata agwirana manja, akutuluka kupita kwa anthu, nyimbo, basi. Sasuke sanabwere, anangotumiza kakalata ndi kabawi. Zimenezo ndilibe nazo vuto. Koma pali china chimene sationetsa, ndipo ichi n'chovuta kuchimeza. Mnyamatayu anakuwa magawo 720 kuti adzakhala Hokage. Shippuden inatha asanakhale. Mutu wa 700 wa m'buku, umene ukumuonetsa ali bambo wa ana awiri, atavala mkanjo wa Hokage, sanauikemo. Boruto, nkhani ya mwana wake, inayamba pa 5 Epulo 2017, pasanathe masabata awiri, ndipo adani ake akuluakulu ndi abale ake a Kaguya. Pamenepo muganize nokha chimene mayi uja anabwerera.

Tsiku limene Naruto analongedwa udindo wa Hokage linajambulidwa padera, m'kafilimu kakafupi ka mu 2016, kenako n'kubwerezedwa m'gawo 18 la Boruto. Mukudziwa zimene zinachitika? M'mawa wa tsikulo ana ake awiri analimbirana chidole mpaka chinang'ambika. Wamng'ono, Himawari, anapsa mtima. Naruto analowa pakati kuti ateteze Boruto, kamtsikanako n'kumugunda ndi chala pamimba, bambo n'kukomoka. Pansanja, pamaso pa mudzi wonse ukululuta, amene anaimirira kulandira ulemu anali Konohamaru atadzisandutsa Naruto. Mwini wake anali ali thapsa kunyumba.



(NYIMBO YOTSEKERA)